Chaka Chimene Ghislaine Anameta Tsitsi

Paris, 3 Okutobala 1965

Okondedwa Amayi ndi Ababa,

Moni nonse kumeneko. Ndikhulupirira muli bwino, ndipo chifuwa cha Ababa chija chinaleka. Ine ndili bwino. Azakhali a Léonie alinso bwino, kungoti miyendo ikuwavutabe pa masitepe.

Amayi, khalani pansi kaye musanapitirize kuwerenga. Sabata yatha, ndikuchokera ku sukulu ya taipi, ndinaima pamzere wodikira basi. Bambo wina wa imvi anaima n'kumandiyang'ana mpaka zinandikwana. Ndinawafunsa kuti, "Mwataya chiyani pankhope pangapa?" Iwo osaseka. Anangoti, "Tanenaninso mawu amenewo." Ndinati, "Sindibwereza, sindine wailesi." Basi, anandipatsa kakhadi ka dzina lawo.

Ndi a Corbelin, amapanga mafilimu. Azakhali anandiperekeza ku ofesi kwawo atavala chipewa chakuda cha kumaliro chija, akuti kuti bamboyo achite mantha. Akukonza filimu ya mlandu wa Jeanne Woyera, kuyambira pamene akumulowetsa m'bwalo la milandu ku Rouen mpaka pamene akumutentha. Nkhondo mulibe, akavalo mulibe, mfumu mulibe. Muli mafunso a oweruza ndi mayankho a mtsikanayo basi. Ndipo akufuna kuti Jeanne akhale ine.

Ndinawauza kuti sindinachitepo sewero, kupatula chaka chija ndinali nkhosa pa Khirisimasi ku tchalitchi kwathu. Anati n'chifukwa chake akundifuna. Akatswiri a zisudzo sawafuna. Ngakhale amene akhale episkopi, mkulu wa oweruza, ndi bambo wina wogulitsa mabuku akale m'mphepete mwa mtsinje.

Popeza sindinakwane zaka 21, sangayambe popanda chilolezo cha Ababa. Ku sukulu akuti ndikhoza kudzapitiriza Pasaka ikadutsa. Amayi, tonse tikudziwa kuti Ababa amasaina zimene inu mwavomera, ndiye ndiyankheni msanga. Mundiuzenso ngati mphaka uja anabereka.

Ndine mwana wanu,
Ghislaine

Ourville, 9 Okutobala 1965

Ghislaine mwana wanga,

Kalata yako talandira. Tili bwino, ndipo chifuwa cha bambo ako chikanatha kale akanakhala omva za fodya. Upereke moni kwa Léonie, umuuze kuti chipewacho chinali cha malemu amayi athu, asamayende nacho kwa anthu a mafilimu.

Ndinakhala pansi monga unanenera, kenaka ndinaimirira, kenaka ndinakhalanso. Iwe, Jeanne Woyera? Chifanizo chake cha m'tchalitchi mwathu amachipukuta ndine mwezi wa Meyi uliwonse, nkhope yake ndimaidziwa kuposa abambo mfumu. Simufanana ngakhale pang'ono. Koma ngati ankayankha oweruza monga umandiyankhira ine, ndiye kuti bamboyo sanalakwitse.

Bambo ako anapalasa njinga mpaka ku Yvetot kukafunsa mwini nyumba ya kanema ngati a Corbelin ali munthu weniweni. Anawauza kuti ndi weniweni, mafilimu awo ndi aulemu, kungoti oonera amagona. Ndiye tavomera. Chinthu chimodzi chokha: tsitsi lako asalikhudze. Ndalipesa kuyambira uli kamwana, iwe ukulira, ine ndikukupanikiza ndi mawondo. Alipinde bwinobwino, akugulire loikirira.

Kuno nkhani ndi maapozi, chaka chino abereka moti nthambi zikuthyoka. Diresi la ukwati la mwana wa aneba athu a Bénard ndalibweza, akasoketse ku Fécamp. Ndatopa nako kusoka zoyera pa zoyera. Usadabwe ndi mizere yokhotayi, ndi babu limene anagula bambo ako, kuwala kwake ngati kwa kandulo. Unditumizire chithunzi chako, chachikulu ndithu, osati tija ta pa ziphaso.

Mphaka anabereka, ndipo anasankha dengu langa la ulusi.

Ndine mayi ako,
Armande

Paris, 14 Novembala 1965

Okondedwa Amayi,

Moni inu ndi Ababa. Pepani ndakhalitsa osalemba. Ndiyambe ndi choipa kuti chichoke: tsitsi ameta.

Tinayesa loikirira monga munanenera. A Corbelin analiyang'ana n'kunena kuti, "Bodza likuoneka." Sanandikakamize. Anandipatsa masiku oti ndiganize, ndipo ndinavomera ndekha, ndiye musawade iwo. Mayi wina wosamala zovala, a Germaine, ndi amene analidula, lili loluka. Ndalikulunga m'pepala, lili m'sutikesi. Chithunzi chachikulu munafuna chija ndi ichi. Mundikalipire, ndikudikira, kenaka mundiuze ngati ndikuoneka ngati munthu.

Tikujambulira m'chipinda cha pansi pa nyumba ina yakale, makoma ake amiyala, kuzizira kwake kofika m'mafupa. Muli benchi, tebulo ndi kampando kanga, basi. Oweruza amandifunsa chifukwa chimene ndimavalira zachimuna, kapena kuti mawu amene ndimamva ndi a yani, ine n'kumayankha. Ndikangokweza mawu pang'ono, a Corbelin amandiitana ndi dzina la banja lathu n'kuti, "Mayi Quesnel, musandiuze zimene mukumva mumtima. Nenani mawu okhawo. Yang'anani khutu la episkopi, yankhani, kenaka maso pansi." Dzulo chiganizo chimodzi tinachibwereza kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro, moti sindinkadziwanso tanthauzo lake. Pamenepo m'pamene anati, "Zayamba kubwera." Tsiku lina ndimafuna kuwagenda ndi kampandoko. Tsiku lina ndimadzimva ndikuyankha, n'kuchita mantha, chifukwa zimakhala ngati wayankha ndi wina.

Episkopi wanga, a Thévenot ogulitsa mabuku aja, ndi munthu wabwino zedi. Kamera ikazima amandipatsa maswiti a chifuwa n'kumati, "Pepa mwana wanga, mawa ndikuzunzanso." Unyolo wa kumiyendo ndi weniweni, ndipo wandinyula m'akakolo.

Mundilembere, Amayi. Kuno aliyense amandiuza poyang'ana ndi poponda, koma palibe amene amandiuza kuti ndamwa msuzi mopupuluma.

Wanu,
Ghislaine

Ourville, 24 Novembala 1965

Ghislaine,

Moni. Ndine bambo ako. Ukudziwa kuti ntchito yanga ndi kukonza njinga, osati kulemba, ndiye ukhululuke mafuta papepalapa.

Chithunzi chafika. Amayi ako anapita nacho pazenera, anachiyang'ana nthawi yaitali, kuchitembenuza uku ndi uku, kenaka anachiika m'dilowa. Ine ndaona kuti wafanana ndi ine ndili ku usilikali.

Akutumizira masokosi awa, aluka okha, uzivala pansi pa unyolo. Akuti sangalembe, atanganidwa. Unyolowo uwauze anthu akowo aupale ndi tupa mkati mwake. Chimene chikukunyula ndi msoko wa chitsulo.

Kuno mvula.

Bambo ako,
Firmin

Paris, 5 Disembala 1965

Amayi,

Moni. Ababa, zikomo, unyolo anaupala ndipo zilonda zikuuma. Koma kalatayi ndi ya Amayi.

Masokosi ndalandira. Imodzi ndi yotuwa, inayo yayamba yotuwa n'kuthera yobiriwira. Inu amene munandimasulitsa mpango wonse chifukwa cha malo amodzi amene ndinaphonya poluka. Azakhali atawaona anati, "Armande waluka izi ali wokwiya." Ndikuwavala ndithu, ndipo ndi ofunda.

Ndikudziwa ndinakulakwirani. Koma tsitsi limamera, Amayi. Mukanandilembera masamba anayi a mawu owawa ndikanawerenga mokondwa. Chete ameneyu sindinamuzolowere, kwathu simunakhalepo chete chikhalire.

Pa Khirisimasi atipatsa masiku opuma. Ndikwera sitima ya pa 23, mudzandikalipire pamaso, ndipo ndidzavala mpango ku Misa kuti ndisakuchititseni manyazi.

Mwana wanu,
Ghislaine

Ourville, 12 Disembala 1965

Ghislaine,

Moni. Amayi ako akuti usabwere pa Khirisimasi. Akuti sitima zimadzaza, mbaula ya m'chipinda mwako inafa, ndipo ungadwale chimfine n'kuwononga ntchito ya eni. Ukhale ndi azakhali ako, upume. Udzabwera filimu ikatha.

Ndakuikira botolo la mowa wa maapozi ndi tchizi. Usaganize zambiri.

Bambo ako,
Firmin

Paris, 9 Januwale 1966

Amayi,

Chaka chabwino kwa inu ndi Ababa. Ndatenga nthawi kuti ndilembe chifukwa makalata awiri ndinang'amba.

Mbaula inafa? M'nyumba ya Ababa, amene amakonza mbaula za mudzi wonse? Mukanangonena kuti simukufuna kundiona ndi mutu uwu. Khirisimasi ndinadya ndi Azakhali, awiriwiri, iwo akusinza, ine ndikumva mabelu a tchalitchi cha eni.

Lachiwiri tinajambula pamene Jeanne ali m'ndende, woweruza wina n'kumuuza kuti anthu ake onse amutaya, palibe amene akubwera kudzamuombola. Yankho langa linali lalifupi, mawu ochepa chabe. Nditatsegula pakamwa ndinayamba kulira, kulira kwenikweni, mamina ndi zonse. Ndinaganiza kuti a Corbelin akondwa, poti anthu a mafilimu ndiye amafuna misozi. Anazimitsa kamera. Anadikira mpaka misozi inatha. A Germaine anandipukuta kumaso. Kenaka anati, "Tsopano nenani." Ndinanena, mulibe kanthu kotsala mkati mwanga. Anati, "Ndi zimenezo," ndipo kwa nthawi yoyamba sitinabwereze. A Thévenot anatuluka panja osandipatsa switi.

Ndiye zikomo, Amayi, mwathandiza filimu ya ku France.

M'phukusili muli tsitsi lija. Ngati mwana wanu anali limeneli, ndi uyo, wabwera kwanu. Ine wotsalane ndimaliza ntchito mu Febuluwale, ndipo ndidzafunafuna pokhala konkuno.

Ghislaine

Ourville, 16 Januwale 1966

Ghislaine mwana wanga,

Ndikulembera kuno kogwirira ntchito, amayi ako sakudziwa. Anandilumbiritsa pa mtanda wa m'chipinda kuti sindikuuza. Ndikuphwanya lumbirolo, za kwa Mulungu ndikakambirana ndi abambo mfumu.

Amayi ako maso akutha.

Zinayamba chaka chatha, iwe utangopita ku Paris. Analephera kulowetsa ulusi pa singano. Ndinkawalowetsera ine m'mawa uliwonse, singano zambiri nthawi imodzi, n'kuzibaya pa kapilo kuti ziwakwanire tsiku lonse. Mu Seputembala tinapita kwa dokotala ku Rouen. Anati mdima ukulowa kuchokera m'mbali, maso onse awiri. Kalata ija anakulembera mu Okutobala inawatengera masana onse, ndipo ndi yomaliza imene analemba okha.

Chithunzi chako sanachione. Anayesetsa pazenera paja, osatheka. Madzulo ake anandifunsa kuti, "Akuoneka bwanji?" Ndinati wameta. Anati, "Zimenezo ndamva kale m'kalata. Ndikufunsa ngati wawonda." Za tsitsi ananena kamodzi kokha, kuti makutu ako azizizidwa. Masokosi aja analuka ndi zala basi. Ulusi wotuwa utatha, wowapatsira wina ndinali ine, ndipo sindinayang'ane mtundu. Mlandu umenewo ndi wanga.

Sabata ya Khirisimasi anali m'chipatala. Anawachita opaleshoni diso lamanzere, anagona atamangidwa nsalu kumaso. Sizinathandize. Lamanja likuonabe zenera, ndi munthu akaima pafupi. Dokotala akuti pofika Pasaka mwina sipadzakhala kanthu.

Chifukwa chobisira n'chakuti, akuti, ukamva usiya zonse n'kubwera kudzakhala wowagwira dzanja moyo wako wonse. Iwo anasiya sukulu ya zosoka ku Rouen ali ndi zaka zakozo chifukwa agogo ako anadwala, ndipo sanabwerereko. Sananenepo kuti zinawawawa. Ndamva chaka chino.

Makalata ako amawerenga ndine, iwo akumvetsera. Yomalizayi ndinadumpha malo ena. Anati, "Mwadumpha. Ghislaine salemba kalata yaifupi chotero. Werengani zonse." Ndinawerenga zonse. Kenaka anamasula phukusi, anapisa dzanja, ndipo anadziwa nthawi yomweyo. Analiika pamiyendo. Anati, "Amene analuka uyu sadziwa kuluka." Analimasula lonse, kulipesa, n'kulilukanso. Ndinati, "Armande, timuuze mwanayu." Anati, "Musiyeni akwiye. Wokwiya amamaliza ntchito." Koma tsiku limenelo sanadye.

Sindikukuuza kuti usiye filimu. Ukaisiya andipha ndine. Ndikungoti diso limodzi likadaona pang'ono, ndipo chimene akufuna kuona si ine.

Bambo ako,
Firmin

Paris, 19 Januwale 1966

Ababa,

Ndikubwera Loweruka, sitima ya m'mawa. Mundidikire ku Yvetot. Amayi muwauze lero lomwe, kuti akalipe n'kumaliza ndisanafike.

Ghislaine

Paris, 6 Febuluwale 1966

Okondedwa Amayi,

Moni. Ababa, werengani pang'onopang'ono, ndipo musadumphe.

Ndinafika bwino. M'sitima monse ndinkangomva dzanja lanu pamutu panga. Munandikokera pazenera paja, kunditembenuzira kowala, n'kunena kuti, "Ndikuona dzira lokhala ndi makutu." Ndinakonzekera mawu ambiri opepesa, koma simunandipatse mpata, munali kale pa nkhani ya kolala ya jasi langa. Ndipepese pano, poti m'kalata simungandidule. Phukusi lija ndinalitumiza kuti likupwetekeni, ndipo linakupwetekani. Mundikhululukire.

Inunso ndikukhululukirani, koma pang'onopang'ono. Khirisimasi ija inali yanga, ndikanakhala pambali pa bedi lanu. Ndabwerera kuno chifukwa munandithamangitsa ndi tsache, osati chifukwa ndavomereza kuti munachita bwino.

Simunandifunse kuti a Corbelin anati chiyani pamene ndinkachoka. Ndinawauza pamaso pa anthu onse kuti ndikupita kwathu, kaya andichotsa kaya ayi. Anangotenga makiyi a galimoto n'kundiperekeza okha ku siteshoni. Nditabwerako sanafunse za dokotala kapena za opaleshoni. Anangoti, "Amayi anu amamva bwino?" Ndinati amamva ngakhale zimene simunanene. Anati, "Chabwino. Tiyeni tigwire ntchito."

Za moto tajambula Lachinayi, pabwalo la nyumba yomwe ija. Musade nkhawa, sindinapse. Anandimanga pamtengo, nkhuni zili kumapazi, n'kuyatsa udzu wonyowa chapatali kuti utsi uzindidutsa kumaso. Ndinatsokomola mpaka misozi, ndipo imeneyo a Corbelin anailola. Kenaka anandimasula, ndinavala jasi, n'kuima pambali ndi a Thévenot kuonerera mtengo wopanda munthu ukuyaka. Iwo ndi amene analira, atavala zonse za uepiskopi. Anati, "Ndili ndi mdzukulu wa msinkhu wako." Ndinawapatsa switi yawo yomwe.

Ndibwera pa Pasaka, ndipo mbaula ikhale yamoyo.

Mwana wanu,
Ghislaine

Ourville, 21 Novembala 1966

Ghislaine mwana wanga,

Moni. Akulemba ndi bambo ako, wolankhula ndine, ndipo ndawauza kuti asawonjezere zawo. Tili bwino. Chichokere iwe mu Ogasiti ndaphunzira kupita ndekha kophika buledi, ndimatsata mpanda wa a Bénard. Ndamva kuti ku ofesi ya inshuwalansi akukukonda. Uzikhala mowongoka pa taipipo.

Filimu yako inafika ku Yvetot dzulo masana. Abambo mfumu anachita hayala basi, ndipo theka la mudzi linakwera, ena atanyamula chakudya ngati akupita kunyanja. Ine ndinavala diresi la buluu. Bambo ako akuti ndi la buluu, ndawakhulupirira.

Ndikuuze zoona, anthu sanakondwe. Unandiuza kuti ku Paris ena ankatuluka pakati, kunonso akanatuluka, kungoti basi inali imodzi. A Bénard anafunsa mokweza kuti akavalo abwera nthawi yanji. Mkazi wawo akuti anangoona manja, mapazi ndi zitseko. Abambo mfumu akuti ndi filimu yozama, koma umalankhula ngati ukuwerenga zolengeza za m'tchalitchi Lamulungu. Bambo ako anayamba kundinong'oneza zimene zikuoneka, ndinawatsina kuti akhale chete. Sindinafune wondiuza. Munalibe zing'wenyeng'wenye zosokoneza, chilichonse chinkamveka pachokha: kiyi m'chitseko, nthenga ikulemba papepala, benchi munthu akakhala. Sindikudziwa kuti anzanga anaona chiyani, koma ine ndinali m'chipindamo.

Ndinawayankha abambo mfumu m'basi kuti amenewo si mawu a zolengeza. Ndi mawu amene umalankhula ukamaopa koma osafuna kuti ndidziwe. Unalankhula choncho tsiku limene unathyoka mkono pa mtengo wa mapeyala, n'kubwera kudzandiuza kuti wangogwa pang'ono. Ndawamva kwa ola lathunthu, anthu akuluakulu akukuzungulira ndi mafunso, iwe osagonja. Pena ndinkaiwala kuti ndi iwe n'kumapempherera mtsikana uja, pena ndinkaiwala kuti ndi iye n'kumafuna kudzuka kuti ndikakutenge. Zaka zonsezi ndakhala ndikupukuta chifanizo chake, sindinaganizepo kuti nayenso anali ndi mayi ake kumudzi.

Filimu itafika pamene akukuuza kuti anthu ako akutaya, yankho lako ndinalidziwa kuti ndi la mu Januwale. Pamenepo ndinagwira dzanja la bambo ako. Sindinena zambiri, poti wolemba wayamba kufwenthera.

Ine Firmin ndikuti ndi chimfine.

Ndawamva akulemba zawo. Zisiye. Tsopano funso langa, ndipo undiyankhe zoona. Mawu anali ako, kutsokomola kunali kwako. Koma mapazi aja, pamene akukutulutsa m'ndende kupita nawe kwa oweruza, unyolo ukukokeka pamiyala, sanali ako. Bambo ako akulimbikira kuti anawaona ndi maso awo, ndi kachala kako kopindika kaja. Ine ndati maso awo aone zawo. Iwe umaponda molimba ndi chidendene chakumanja, phazi lamanzere limabwera mochedwa, ngati likuganiza kaye. Wa mufilimuyo amaponda mofanana uku ndi uku, ndipo ndi munthu wamkulu, wolemera kukuposa. Takangana njira yonse mpaka pakhomo. Tiweruze.

Ndine mayi ako,
Armande

Paris, 25 Novembala 1966

Okondedwa Amayi,

Moni inu ndi Ababa. Ababa, pepani, mlandu wakugwerani.

Mapazi amene munawaona ndi anga, koma phokoso lake si langa. Masiku aja ndinathawira kwanu mu Januwale, a Corbelin sanafune kuti anthu angokhala. Phokoso la mukhonde linali lisanamveke bwino, ndiye anamanga unyolo a Germaine osamala zovala aja, n'kumawayendetsa pamiyala masana onse. Filimuyi aionera akatswiri, olemba nyuzi, ngakhale ine mwini katatu, ndipo ndinali nditaiwala. Ndinawaimbira foni a Corbelin kuwawerengera kalata yanu. Anangofunsa ngati ndingawapatse tsamba limenelo. Ndawakaniza.

Ndibwera pa 23 Disembala. Ababa asavutike kudzandichingamira. Ndidzatsika basi pa tchalitchi n'kubwera wapansi, ndipo sindidzaitana pa geti kapena kugogoda. Inu mudzangokhala pa mpando wanu, zenera mutalitsegula pang'ono.

Mwana wanu,
Ghislaine